Kalembedwe ka Chichewa ndi Ndondomeko Zophunzitsira Kuwerenga: Phunziro Lochokera ku Chinguluwe

1. Mawu oyamba

Mwana wa zaka 6 wa ku Chinguluwe, m'boma la Salima, akamalowa Sitandade 1 amakhala akudziwa kale mawu ochuluka zedi. Amadziwa thonje, pakuti anthu a m'derali akhala akulima mbewuyi kwa zaka zambiri. Amadziwa usipa, utaka ndi chambo, nsomba zimene ogulitsa amabwera nazo kuchokera kunyanja. Amatha kusimba nthano, kumasulira ndagi ndi kukapereka uthenga umene amayi ake amutuma. Chimene sadziwa n'chakuti mawu onsewo angathe kuikidwa papepala ndi kuzindikiridwanso ndi maso. Ntchito ya ndondomeko yophunzitsira kuwerenga ndiyo kumuonetsa m'mene malembo amaimira mawu amene ali kale m'kamwa mwake.

Kawirikawiri nkhani ya ndondomekozi imakambidwa ngati ya Unduna wa Maphunziro ndi mabungwe othandiza okha. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti ndi nkhaninso ya kalembedwe ndi ya mawu ophunzitsira, kotero kuti ikukhudza mlembi, mkonzi wa mabuku ndi mphunzitsi wa kukoleji. Ndondomeko yabwino imatenga dongosolo lake m'kalembedwe ka chiyankhulo chimene ikuphunzitsa, ndipo imafooka ngati olemba mabuku salemba mofanana, kapena ngati aphunzitsi atchula chinthu chimodzi ndi mayina osiyanasiyana.

2. Kumene tachokera

Kuphunzitsa kuwerenga m'chigawo chapakati kudayamba ndi sukulu za mishoni. Mu 1889 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adamanga ku Mvera, pamsewu umene lero umachokera ku Salima kupita ku Lilongwe, ndipo kuchokera kumeneko sukulu za m'midzi zidafalikira. Njira yophunzitsira inali ya maphatikizo: mwana ankayamba ndi a, e, i, o, u, kenaka ba, be, bi, bo, bu, mpaka atatha kulumikiza mawu. Akuluakulu ambiri amakumbukirabe buku la Sosa, limene lidatsata njira yomweyi dziko litalandira kale ufulu.

Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Bungweli litatha, ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene idayamba mu 1996.

Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi amene anali asadapite kukoleji, ndipo ambiri a iwo adapatsidwa makalasi a ana aang'ono. Silabasi yatsopano imene idayamba kulowa m'sukulu mu 2007 idatsamira kwambiri pa kuzindikira mawu athunthu, kotero kuti nthawi yophunzira malembo ndi maphatikizo idachepa. Zotsatira zake zidaonekera mu 2010, pamene kafukufuku wotchedwa Early Grade Reading Assessment adapeza kuti ana oposa 7 mwa ana 10 alionse a Sitandade 2 sadathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani ka Chichewa. Ku Sitandade 4 ana otere anali pafupifupi 4 mwa 10 alionse.

3. Zimene zidachitika ku Salima

Boma la Salima, m'mene muli Chinguluwe, ndi limodzi mwa maboma awiri amene adayamba kuyesa njira yothetsera vutoli. Mu 2011 Unduna wa Maphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, udayambitsa ndondomeko ya Maziko a Kuwerenga ku Salima ndi ku Ntchisi. Ndondomekoyi inali ndi zinthu zinayi. Aphunzitsi a Sitandade 1 adalandira maphunziro apadera. Adapatsidwa maphunziro olembedwa kale, osonyeza chochita tsiku ndi tsiku. Ana adalandira buku lotchedwa Nditha Kuwerenga. Ndiponso alangizi ankayendera aphunzitsi m'makalasi mwawo kukaona ndi kuwongolera kaphunzitsidwe. Ana amene adaphunzira motere adawerenga bwino kuposa anzawo a m'maboma ena, ngakhale kuti ambiri anali asadafikebe pa mlingo wofunika.

Ntchitoyi idafalikira m'maboma ena, ndipo mu 2016 boma lidakhazikitsa National Reading Programme, ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Mu 2023 kudayambanso ndondomeko ya BEFIT, imene ana amaphunziramo kuwerenga ndi masamu pa matabuleti oyankhula Chichewa.

Ndondomeko za kuyambira 2011 zimazindikira maluso asanu: kumva ndi kusiyanitsa maliwu m'mawu oyankhulidwa, kudziwa malembo ndi maliwu ake, kuwerenga mosadodoma, kudziwa matanthauzo a mawu, ndi kumvetsa nkhani. Mphunzitsi amayamba waonetsa yekha, kenaka amachita pamodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Maluso awiri oyambawo ndiwo agona pa kalembedwe, ndipo ndi amene tifuna kuwaunika.

4. Dongosolo lichokere m'kalembedwe

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Malembo a liwu ndi asanu okha, ndipo lililonse limamveka mofanana paliponse pamene lapezeka. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Malembo q ndi x sitiwagwiritsa ntchito, ndipo c siliyenda lokha koma ndi h. Choncho mwana amene wadziwa malembo ndi kaphatikizidwe kake angathe kuwerenga liwu limene sadalionepo chibadwire.

Mbali inayo, mawu a Chichewa ndi aatali chifukwa tsinde limodzi limalandira aphatikiri ambiri. Kuchokera ku tsinde la -lima timapeza ndilima, tidalima, sadzalima, akulimabe, olima, mlimi ndi ulimi. Liwu lakuti sindidzakuthandizaninso lili ndi maphatikizo 9, ndipo ndi chiganizo chathunthu. Palibe mwana amene angaloweze maonekedwe a mawu onsewa limodzilimodzi. Ichi ndicho chifukwa chake njira ya mawu athunthu, imene idapangidwira Chingerezi, siyenerana ndi Chichewa. Ndi chifukwa chomwecho sitiyenera kutenga chiwerengero cha mawu amene mwana wa ku England amawerenga pa mphindi imodzi n'kuyezera mwana wa ku Chinguluwe, pakuti liwu limodzi la Chichewa limanyamula zimene Chingerezi chimanena ndi mawu anayi kapena asanu.

Tsono malembo aphunzitsidwe motsatana bwanji? Ndondomeko za masiku ano sizitsata a, b, c, d. Zimayamba ndi malembo amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa, omwe ndi a, n, i, k, u, m, e, t, o, amene aphunzitsi amawakumbukira ndi dzina lakuti anikumeto. Ndi malembo 9 okhawa mwana angathe kuwerenga ana, mano, moto, mutu, kuno, koma, amene, ngakhalenso ziganizo monga "Amama atuma ana" ndi "Ana akana". Mwana amene wawerenga chiganizo yekha m'masabata oyamba amalimba mtima.

Pambuyo pake pamabwera malembo ena oyenda okha monga d, l, w, s, p, y, b, z. Kenaka malembo awiri oimira liwu limodzi monga ch, ny, ph, th, kh. Kenakanso maphatikizo oyamba ndi m kapena n monga mba, nda, nga, nja, nsa, pamodzi ndi okhala ndi w kapena y monga bwa, kwa, mwa, dya. Pomaliza pamabwera maphatikizo a malembo ambiri monga mpha, ntha, nkha, ntchi ndi nkhwa.

Apa ndi pamene Chinguluwe ikutiphunzitsa kanthu. Dzina lokhalo lili ndi malembo 10 koma maphatikizo 4, Chi-ngu-lu-we, ndipo kuti mwana aliwerenge ayenera kudziwa ch ndi ng. Thonje lifuna th ndi nj. Nsomba ifuna ns ndi mb. Onaninso ng'ombe, nkhuku, mpunga, nkhwangwa ndi ntchito. Mawu amene mwana wa kumudzi amawadziwa bwino koposa ndiwo ali ndi kalembedwe kovuta koposa. Mlembi wofuna kukondweretsa mwana amathamangira mawu amenewa, osazindikira kuti wamuikira chipika panjira. Chiganizo chakuti "Agogo agula nsomba pamsika" chimaoneka chapafupi kwa wamkulu, koma kwa mwana wa anikumeto chili ndi zatsopano zisanu ndi chimodzi: g, l, p, ns, mb ndi m wotsatana ndi s.

Yankho lake si kubisa thonje ndi nsomba kwa mwanayo. Ndondomeko iyenera kukhala ndi mitundu iwiri ya nkhani. Mtundu woyamba ndi nkhani zimene mphunzitsi amawerengera ana, ndipo m'menemo mlembi ali ndi ufulu wonse wolemba za kutola thonje, za asodzi ndi chilimira chawo, za mwera wa panyanja. Nkhani zotere zimakuza mawu ndi kumvetsa. Mtundu wachiwiri ndi nkhani zimene mwana amawerenga yekha, ndipo m'menemo musapezeke lembo limene sadaliphunzire. Kusokoneza mitundu iwiriyi ndiko kumachititsa kuti ana aloweze tsamba pamtima m'malo moliwerenga.

5. Malo amene ana amapunthwa

Pali malo angapo m'kalembedwe kathu amene ndondomeko iliyonse iyenera kuwapatsa nthawi yokwanira, ndipo mkonzi aliyense ayenera kuwayang'anitsitsa.

(a) Lembo h losonyeza mpweya. Kuponya ndi kuphonya n'zosiyana, monganso kola ndi khola, pala ndi phala. Mwana ayenera kuyamba wamva kusiyanaku ndi khutu, ataika dzanja pafupi ndi pakamwa kuti amve mpweyawo, asadakuone pabolodi.

(b) Ng' ndi ng. Ng'oma imaimbidwa pagule, pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire. Chosiyanitsa ndi nkhodolero yokha. Anthu ambiri polemba mauthenga pafoni amaisiya, ndipo chizolowezichi chayamba kulowa m'zikwangwani ndi m'timabuku. M'buku la mwana nkhodolero ikasowa, phunziro lonse la ng' lagwa.

(c) M woima payekha. M'mawu akuti mphepo muli maphatikizo awiri, mphe-po, koma m'mawu akuti mphunzitsi muli anayi, m-phu-nzi-tsi, chifukwa m woyambayo ndi phatikizo payekha. Momwemonso mbale yodyeramo isiyana ndi m'bale wobadwa naye. Mphunzitsi amene sadziwa izi amawombetsa ana m'manja molakwika pogawa maphatikizo.

(d) L ndi r. M'kamwa mwa Mchewa malembo awiriwa sasiyanitsa tanthauzo. Lamulo la kalembedwe likuti r alembedwe pambuyo pa i kapena e, monga m'mawu akuti lira, bwera ndi mbiri, ndipo l alembedwe m'malo ena onse. Koma l woyamba tsinde sasintha ngakhale patsogolo pake pabwere mphatikiri wothera ndi i, monga m'mawu akuti chilimwe ndi tilima. Mayina a malo monga Lilongwe amasunga kalembedwe kake. Mwana sangamve lamuloli ndi khutu, choncho amaliphunzira poliona likutsatidwa mosaphonya.

(e) W ndi y pakati pa malembo a liwu. Buku lina lilemba mau, lina mawu. Lina kuona, lina kuwona. Lina kuika, lina kuyika. Wamkulu sazindikira n'komwe kusiyanaku, koma mwana amene akuwerenga lembo ndi lembo amayesa kuti ndi mawu awiri.

(f) Kulumikiza ndi kulekanitsa mawu. Ena alemba kumudzi, ena ku mudzi. Ena wabwino, ena wa bwino. Ena kwambiri, ena kwa mbiri. Mwana amaphunzira kumene liwu layambira ndi kumene lathera poona mipata, kotero kuti mipata yosinthasintha imamusokoneza.

(g) Kukweza ndi kutsitsa mawu. Kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezi. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu zilembedwa mofanana, monganso khungu la thupi ndi khungu la maso. Liwu lakuti ndimapita lingatanthauze chizolowezi cha masiku onse kapena zimene zinkachitika kale, malinga ndi katchulidwe. M'mabuku oyamba, mawu otere aikidwe m'chiganizo chimene chikuonetseratu tanthauzo lake.

(h) Kalembedwe kakale ndi ka maiko oyandikana nafe. M'nyumba zambiri buku lopezeka ndi Baibulo kapena la nyimbo. Makope akale a Buku Lopatulika, limene lidatuluka koyamba mu 1922, amalemba c pamene ife tilemba ch, ndipo Chinyanja cha ku Zambia chimatero mpaka lero. Mabuku ena amalemba ŵ pamene ambiri tsopano alemba w. Zimenezi si zolakwa ayi, koma mphunzitsi wa Sitandade 3 kapena 4 ayenera kuwauza ana kuti adzakumana nazo.

6. Mawu ophunzitsira

Vuto lachiwiri ndi la mawu amene mphunzitsi amagwiritsa ntchito pofotokoza chiyankhulo. Lalikulu ndi la liwu lakuti liwu. Poyankhula timati munthu ali ndi liwu labwino. M'malamulo a chiyankhulo timati liwu ndi limodzi mwa mawu a m'chiganizo. Timatinso a, e, i, o, u ndi malembo a liwu, ndipo otsalawo ndi malembo opanda liwu. Tsono ndondomeko zatsopano zidabweretsa liwu la lembo, kutanthauza m'mene lembo limamvekera. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi angauze ana Lolemba kuti m ndi lembo lopanda liwu, ndipo Lachiwiri n'kuwafunsa kuti atchule liwu la m. Mwana wanzeru ndiye amasokonezeka koposa.

Kufikira pamene akatswiri adzagwirizane, tikulangiza zinthu ziwiri. Choyamba, mayina akuti malembo a liwu ndi malembo opanda liwu asungidwire makalasi apamwamba, pakuti mwana wa Sitandade 1 sawafuna kuti awerenge. Chachiwiri, pamene pangakhale chisokonezo, mlembi wa buku la mphunzitsi angathe kunena kuti kamvekedwe ka lembo, amene ndi mawu odziwika kwa aliyense.

Palinso kusiyana pakati pa lembo ndi chilembo. Mawu onse awiri ndi Chichewa chabwino, koma buku la mwana, buku la mphunzitsi ndi mayeso ziyenera kusankha limodzi. N'chimodzimodzi ndi mayina a zizindikiro za m'kalembedwe: mpumiro, mpatuliro, mfunsiro, mfuwuliro, mitengero ndi nkhodolero. Mayinawa ndi omveka bwino chifukwa lililonse likunena ntchito ya chizindikirocho, ndipo palibe chifukwa chowasiyira n'kumatchula a Chingerezi pa phunziro la Chichewa.

Mayina a malembo nawonso amavuta. Dzina la Chingerezi la lembo e limamveka ngati i wa Chichewa, ndipo dzina la Chingerezi la a limamveka pafupi ndi e wa Chichewa. Mwana amene akuphunzira ziyankhulo ziwirizi chaka chimodzi, mphunzitsi akati "lembani i" sadziwa kuti alembe liti. Ndondomeko iyenera kunena mosapsatira kuti pa phunziro la Chichewa malembo atchulidwa motani, ndipo aphunzitsi onse a pasukulu atsate zomwezo.

Mutu umodzi susenza denga. Malawi Institute of Education ya ku Domasi imene imakonza masilabasi, Centre for Language Studies imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, makoleji a aphunzitsi ndi osindikiza mabuku ayenera kukhala ndi mndandanda umodzi wa mawu ophunzitsira kuwerenga, wokhala ndi tanthauzo ndi chitsanzo pa liwu lililonse, umene mphunzitsi aliyense angaugwire m'manja.

7. Mwana woyankhula Chiyao

M'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima muli mabanja ambiri oyankhula Chiyao. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a ziyankhulo zina sadakonzedwe mokwanira, ndipo lamulolo silidagwire ntchito kwenikweni. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Chichewa chidakhalabe phunziro, ndipo mwana wa Chiyao amayamba kuwerenga m'Chichewa.

Mwana wotere ali ndi mwayi wakuti Chiyao ndi Chichewa n'zapachibale, ndipo maphatikizo ambiri ndi ofanana. Koma Chiyao sichisiyanitsa matanthauzo ndi mpweya wa ph, th ndi kh monga Chichewa chichitira, choncho mwanayo angavutike kumva kusiyana kwa kola ndi khola. Mphunzitsi asamuyese wogona m'mutu. Amupatse nthawi yochuluka ya kumva ndi kutchula, ndipo atsimikize kuti mawu amene akuwerengawo akuwadziwa tanthauzo, pakuti kutchula bwino mawu osawamva si kuwerenga.

Kuti kuyamba ndi chiyankhulo chodziwika n'kothandiza, umboni ulipo pafupi. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, adayerekeza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Panthawiyo ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, pamene a ku Malawi ankayamba ndi Chichewa. Adapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sadasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi adaposa kutali anzawo. Chakumapeto kwa zaka zomwezo dziko la Zambia lidayambitsa Primary Reading Programme, m'mene ana adayamba kuphunzira kuwerenga m'ziyankhulo za kwawo.

8. Udindo wa makoleji

Mphunzitsi amene adzaime patsogolo pa ana ku Chinguluwe amasulidwa m'makoleji monga a Lilongwe, Kasungu, Machinga, Blantyre ndi Karonga, pa maphunziro a zaka ziwiri amene mbali ina amachitira kukoleji ndipo mbali ina kusukulu. Wophunzira wotere adakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo mwina adakhoza bwino Chichewa. Koma kudziwa miyambi ndi magulu a mayina si kudziwa kuphunzitsa mwana kuphatikiza m ndi a. Ndondomeko yophunzitsira kuwerenga ikangofika kwa aphunzitsi a m'sukulu, osalowa m'silabasi ya koleji, chaka chilichonse kumatuluka aphunzitsi atsopano ofunika kuwaphunzitsanso.

Tikuona kuti wophunzira asadatuluke m'koleji ayenera kutha zinthu izi. Atchule kamvekedwe ka lembo lililonse popanda kuonjezera a kumapeto, pakuti mwana amene waphunzira kuti m ndi ma, n ndi na, adzawerenga mano ngati maanao. Agawe molondola maphatikizo a mawu monga mphunzitsi, m'nyumba ndi nkhwangwa. Akhale ndi kope lakelake la malamulo a kalembedwe ndipo alembe pabolodi mowatsata, popeza m'sukulu zambiri bolodi ndilo buku lenileni. Apeke kankhani ka ziganizo zisanu pogwiritsa ntchito malembo okhawo amene ana aphunzira. Ndiponso adziwe kuyesa mwana mmodzi payekha.

Chomalizachi n'chofunika kwambiri. Makalasi a ana oposa 100 si achilendo mu Sitandade 1. Ana akamawerengera pamodzi mokweza, ochepa amatsogolera ndipo ena onse amangotsatira mawu a anzawo. Mphunzitsi amapita kunyumba wokondwa, chonsecho theka la kalasi silidayang'ane n'komwe pabolodi. Mphindi imodzi yokha ndi mwana mmodzi, atapatsidwa maphatikizo osakanizasakaniza amene sadawaloweze, imaulula zoona. Mphunzitsi woyesa ana asanu tsiku lililonse amatha kalasi ya ana 100 m'masabata anayi.

Makoleji osula aphunzitsi a sekondale, monga a Domasi ndi Nalikule, nawonso ali ndi mbali yawo. Kuwerenga sikuthera mu Sitandade 4. Wophunzira wa Fomu 1 amene amawerenga modukizadukiza amalephera mbiri, sayansi ndi masamu omwe, ndipo mphunzitsi wa phunziro lililonse ayenera kudziwa kumuzindikira ndi kumuthandiza kupeza mfundo yaikulu m'ndime.

9. Kwa alembi ndi akonzi

Mwana wodziwa maphatikizo koma wopanda chowerenga amaiwala msanga. Bungwe la National Library Service lidatulutsa timabuku ta ana totchedwa Werengani, koma njala ya mabuku a Chichewa oyenera msinkhu uliwonse ikadali yaikulu. Amene afuna kulembera ana aang'ono asamale izi:

(a) Asadayambe kulemba, apeze buku la mphunzitsi la kalasi imene akuilembera, ndipo alembe mndandanda wa malembo ndi maphatikizo amene ana amakhala ataphunzira pofika teremu imeneyo. Mkonzi ayeze liwu lililonse ndi mndandandawo.

(b) Nyumba yosindikiza mabuku ikhale ndi tsamba limodzi losonyeza chimene yasankha pa mau ndi mawu, kuona ndi kuwona, kumudzi ndi ku mudzi, motsata mabuku a m'sukulu, ndipo isasinthe kuyambira pachikuto mpaka tsamba lomaliza.

(c) Liwu likafuna kudulidwa kumapeto kwa mzere, lidulidwe potsata maphatikizo: nso-mba osati nsom-ba, tho-nje osati thon-je. Makina a kompyuta amadula motsata Chingerezi, choncho mkonzi aone yekha. M'mabuku a Sitandade 1 ndi 2 n'kwabwino kusadula mawu n'komwe.

(d) Malembo osindikizira afanane ndi amene mphunzitsi amalemba pabolodi, makamaka a ndi g, ndipo I wamkulu asiyane ndi l wamng'ono.

(e) Nkhani yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi iyezedwenso, pakuti chiganizo cha mawu aafupi m'Chingerezi chimasanduka cha mawu aatali m'Chichewa. Kupeka nkhani m'Chichewa momwemo n'kopambana.

(f) Zolembedwa za pa matabuleti, za pa zikwangwani za pasukulu ndi za m'mapepala a mayeso zidutse m'manja mwa mkonzi monga buku lina lililonse.

10. Mawu omaliza

Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana amene watha Sitandade 2 asakudziwa kuwerenga amabwereza kalasi, kenaka amayamba kujomba, ndipo nyengo yotola thonje kapena ya usipa ikafika sabwereranso. Akadzakula adzafunika kuwerenga malangizo a pabotolo la mankhwala opopera thonje, lisiti la kumsika wa mbewu, ndi zimene a chipatala alemba zokhudza mwana wake. Ndondomeko ya ku Salima idaonetsa kuti ana a m'sukulu za kumudzi amawerenga akaphunzitsidwa malembo mwadongosolo, akapatsidwa buku loyenera ndiponso mphunzitsi wawo akamayenderedwa. Mbali yotsala ili m'manja mwa ife olemba, okonza ndi osula aphunzitsi. Tikupempha owerenga athu amene amaphunzitsa makalasi aang'ono kuti alembe mawu ndi kalembedwe zimene zimawavuta ana awo, pamodzi ndi mayina amene iwo amagwiritsa ntchito pophunzitsa, kuti mndandanda wa mawu ophunzitsira udzakonzedwe kuchokera pa zimene zimachitikadi m'kalasi.